Makina ako sanafe, Mphatso

Wokondedwa Mphatso,

Kalata yako yafika. Masamba atatu onse kudandaula GPS, makina ako oyeza kuyenda kwa ayezi pogwiritsa ntchito setilaiti, za moyo wako mzere umodzi wokha, tsiku lolembera osaika n'komwe. Ukuti kumayambiriro kwa Juni glacier yako (mtsinje wa ayezi woyenda pang'onopang'ono m'mapiri) inayamba kuthamanga, koma pofika Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo (ngakhale kumeneko mtengo woti liswe kulibe), madzi akukhuthukira m'zibowo za mu ayezi ngati mathithi, liwiro linatsika. Ndiye wagamula kuti makina afa, uwabweze kwa eni ake. Usabweze. Makinawo akunena zoona, wosokonezeka ndiwe.

Pajatu glacier imayenda m'njira ziwiri zikuluzikulu. Ayezi amapindika yekha mkati chifukwa cha kulemera kwake, ndipo kuyenda kumeneku sikusintha kwenikweni pakati pa Januwale ndi Julayi, poti kuzizira kwa nyengo sikulowa kupitirira mamita 10 kapena 15 kuchokera pamwamba. Njira inayo ndi kutsetsereka pa thanthwe kapena pa matope a pansi. Zonse zimene ukuonazo zikuchitikira pamenepo, kumene maso ako safika.

M'nyengo yozizira madzi amachepa, ndipo ayezi amafinya ngalande za pansi mpaka zambiri kutsekeka. Kutentha kukayamba, madzi oyamba amatsika n'kupeza njira palibe. Amadzazana m'timapanga tokhala kuseri kwa mabampu a thanthwe, pulesha n'kukwera. Werengera wekha: ayezi amalemera makilogalamu 917 pa kiyubiki mita, madzi 1,000. Pamene ayezi ndi wochindikala mamita 200, madzi akakwera m'chibowo kufika mamita 183, ayeziyo wayandama basi. Sizilira kufika pamenepo, kungoyandikira chabe thanthwe limayamba kutaya mphamvu yogwira. Almut Iken ndi anzake anayeza ku Unteraargletscher, ku Switzerland, n'kupeza kuti pamwamba pa glacier pamatukuka mpaka mamita 0.6 nyengo yosungunuka ikamayamba. Tsegula manambala ako a Juni, usayang'ane za kutsogolo zokha, uonenso za m'mwamba. Ukapeza kuti malowo anayamba atukuka kenako n'kumatsika pang'onopang'ono, nkhani yatha.

Nanga Ogasiti? Madzi othamanga amasungunula makoma a njira yawo, ngalande n'kumakula. Hans Röthlisberger anazilongosola mu 1972: m'ngalande yaikulu yodutsa madzi ambiri pulesha imakhala yotsika, choncho imakoka madzi a m'timapanga tija, ayezi n'kukhalanso pa thanthwe. Madzi ochuluka, liwiro lochepa. Chimene chimathamangitsa glacier si kuchuluka kwa madzi ayi, koma madzi kulowa mofulumira kuposa mmene ngalande zingawatulutsire. N'chifukwa chake ku Kennicott, ku Alaska, glacier imafulumira kwa masiku ochepa nyanja ya Hidden Creek ikaphulikira pansi pake. Iwenso usachotse makina msanga. Ngalande zikayamba kutsekeka chakumapeto kwa Sepitembala kapena mu Okutobala, mvula yamphamvu ya tsiku limodzi ikhoza kukupatsa liwiro lofanana ndi la Juni. Ndiponso uziwerenga pa ola, osati pa tsiku: masiku otentha liwiro limakwera chakumadzulo, madzi a masana akafika pansi, n'kutsika m'bandakucha.

Chondisowetsa tulo ine si GPS. Ndi ndodo zako.

Pa chithunzi chimene unatumizira Tadala, ndodo imene wamangapo antena ija yapendekeka ngati munthu woledzera, iwe uli pambali pake kumwetulira. Ukudziwa zimene ndodo yotero imachita? Ikatulukira mamita 2 pamwamba pa ayezi n'kupendekeka madigiri 10, nsonga yake yasuntha pafupifupi masentimita 35. Pa glacier yoyenda masentimita 10 pa tsiku, amenewo ndi masiku atatu ndi theka a ulendo wabodza. Ikapendekekera kumtunda, manambala ako anena kuti glacier yaima, mwinanso yabwerera m'mbuyo, ndipo ndikukudziwa, ulemba lipoti loti watulukira zachilendo. Kumunsi kwa glacier ayezi amasungunuka mamita angapo m'nyengo imodzi, ndiye ndodo yozikidwa mamita atatu mu Meyi singafike Sepitembala ili chilili. Boola mozama kuposa mmene ukuyembekezera kuti pasungunuke, uonjezerepo mita imodzi kapena awiri. Ngati ndodozo ndi za aluminiyamu, tseka kunsi kwake ndi kamtengo kapena pulasitiki, apo ayi zimatentha ndi dzuwa n'kumadzimiza zokha. Ukafikapo, yeza kupendekeka ndi kutalika kwa chotulukira usanagwire chilichonse, ulembe, kenako ndiye uziwongola. Pobowola pena, yeza malo akale ndi atsopano tsiku lomwelo. Makina oyerekezera aja, GPS yosasuntha imene umafananitsa nayo ya pa ayezi, akhale pa thanthwe lenileni, osati pa mulu wa miyala ya m'mbali, poti pansi pa miyalayo nthawi zambiri pamakhala ayezi, nayenso akuyenda. Ndipo sola uyiike mopendeketsa kwambiri, chipale chofewa chizitsetsereka. Batire ikafa mu Meyi, wataya sabata ya kuthamanga kwa mu Juni ija, cholinga chokhacho chimene unapitira kumeneko.

Chikondi akuti mwina glacier yako ikuchita surge, kuthamanga kwadzidzidzi kopitirira kutali liwiro la masiku onse. Muuze apume. Variegated Glacier ya ku Alaska itachita zimenezo mu 1982 mpaka 1983, inafika mamita 65 pa tsiku, ayezi yense n'kung'ambikang'ambika. Ndodo zakozo bwenzi zitamezedwa kalekale, iwe pamodzi.

Funso lako lomaliza ndi limene landilemera. Ukufunsa ngati dziko likamatentha ma glacier a m'mapiri aziyenda mofulumira. Kwa masabata angapo pa chaka, mwina. Koma pa zaka, ambiri akufooka. Malinga ndi lamulo la John Glen la mu 1955, lofotokoza mmene ayezi amapindikira, liwiro la kupindika kuja limadalira kwambiri kuchindikala: ayezi akaphwa ndi 10 peresenti, liwirolo limatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zithunzi za setilaiti za kuyambira 2000 mpaka 2017 zinaonetsa kuti m'madera ambiri a mapiri aatali a ku Asia ma glacier anachepetsa liwiro mogwirizana ndi kuphwa kwawo, kupatula cha ku Karakoram ndi kumadzulo kwa Kunlun. Ku Argentière, pansi pa Mont Blanc, kuli gudumu lokhala ngati la njinga limene linaikidwa kunsi kwa ayezi kuti lizizungulira glacier ikamatsetsereka, ndipo nalonso likuzungulira mochedwa kuposa kale. Switzerland inataya 10 peresenti ya ayezi wake m'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023. Glacier ikasiya kulandira ayezi wokwanira kuchokera kumtunda, kumunsi kwake kumangogona, miyala n'kukwirira. Pamenepo ndodo yako ikhoza kuima mowongoka bwino, koma yopanda choyeza.

Tadala wabereka, mtsikana, onse ali bwino. Akufunsa kuti ubwera liti, ine ndayankha kuti akafunse ndodo. Pepala latha, koma za ndodo yachitatu ija, imene ili pafupi ndi mng'alu, usadikire mpaka