Ndikufuna kulankhula poyera za nthenda yanga, koma bambo akana

Zikomo Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 27, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Zomba, ndipo ndimakhala ku Chinamwali ndi makolo anga. Ndili ndi psoriasis, nthenda ya pakhungu yomwe inandiyamba ndili Fomu 1. Ndalemba kuti mundithandize maganizo chifukwa ndasemphana ndi bambo anga, chinthu chomwe sichinachitikepo chibadwire changa.

Ndiyambe ndafotokoza nthendayi, poti ambiri kuno saidziwa. Kwa munthu amene alibe vutoli, khungu limasinthika lokha pang'onopang'ono, pafupifupi mwezi wathunthu, osazindikira n'komwe. Kwa ife, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kumafulumizitsa khungu kuti lizipangika pa masiku osakwana 7. Latsopanolo limaunjikana pamwamba pa lakale lisanayoyoke, ndiye pamatuluka zigamba zokhuthala, zoyabwa, zotuwa pamwamba ngati mamba a chambo. Zanga zili m'zigongono, m'maondo, pamsana ndi m'mutu. Zikhadabo zina zinakumbika timaenje. Mu June ndi July, mphepo ikamatsika kuphiri kuja, khungu limauma mpaka kung'ambika n'kumatuluka magazi. Siyopatsirana, kaya mugwirane chanza, mudyere mbale imodzi kapena mufunde bulangete limodzi. Mankhwala ochiziratu kulibe, alipo ongoichepetsa mphamvu.

Isanadziwike, makolo anga anazunzika nane. Ena ankati ndi zipere zokanika, ena mphere, ena khate. Panalinso onong'onezana kuti ndi kachilombo, ndipo ngakhale tinakayezetsa magazi n'kupezeka kuti ndilibe, miseche sinathe. Azakhali anaumirira kuti ndalodzedwa, anatitengera kwa sing'anga wina cha ku Jali amene ananditema mphini pamsana ndi m'miyendo. Pasanapite nthawi, paliponse pomwe panadutsa lumo panatuluka chigamba chatsopano, mizeremizere motsatira mphinizo. Adokotala a khungu ku Blantyre ndi amene anadzatiuza kuti ndi khalidwe lake la nthendayi, imatha kutulukira pomwe khungu lavulala, kaya ndi kukanda, kupsa kapena kutemedwa. Amayi atamva izi analira m'chipinda cha adokotala momwemo. Mpaka lero ndimawauza kuti sanalakwe, anachita zomwe kholo lililonse lothedwa nzeru likanachita.

Bambo anga ndi telala, amasokera pakhonde la sitolo ina m'tauni. Anali ndi makina awiri. Amodzi anagulitsa kuti tipeze ndalama za minibasi ya ku Blantyre ndi zogulira mafuta opaka nthawi yomwe sitinawapeze aulere. Yunifolomu yanga ya kusekondale anaisoka okha usiku, ya manja aatali ndi kolala yokwera, ndipo anapita okha kwa ahedi kukandipemphera chilolezo choti ndizivala choncho. Sali munthu wolankhulalankhula. Chikondi chawo chimaonekera pa ulusi ndi singano.

Amayi ndiye sindidziwa kuti ndiyambira pati. Madzulo aliwonse ankatenthetsa madzi, kundikhazika pa mkeka, kundipaka mafuta a salicylic acid kuti mamba afewe, kenako ankawachotsa ndi chipeso mwapang'onopang'ono kuti ndisatuluke magazi, n'kumaliza ndi Vaseline thupi lonse. Mafuta ena a coal tar amanunkha phula la mumsewu ndipo amadetsa nsalu, koma sindinamvepo akudandaula pochapa. M'mawa ankalawirira kukung'untha zofunda zanga kuseri kwa nyumba azing'ono anga asanadzuke, kuti ndisachite manyazi ndi zoyoyokazo. Tsiku lina pamaliro a kwa aneba, nsima itabwera, amayi atatu amene ndinakhala nawo anasuntha mmodzimmodzi nditangosamba m'manja mu beseni. Amayi anga anaona zimenezo ali patali. Ananyamuka pagulu la anzawo, anadzasamba m'madzi omwewo, n'kuyamba kutema mbamu yomweyo yomwe ndinatemapo ine. Sanayankhule kanthu kwa wina aliyense. Anthu anasiya kugula mandasi awo kwa nthawi ndithu, ena mpaka kumati banja lathu linakhwimira mwana kuti bizinesi iyende.

Nkhani yandivuta ndi iyi. M'kalasi langa la Sitandade 5 muli kamnyamata kena komwe kali ndi zigamba m'mutu ndi m'miyendo. Sindine dokotala, mwina ndi zipere chabe, zimenezo akanena ndi achipatala. Koma anzake amakathawa, sakalola kugwira mpira, ndipo kayamba kujomba. Makolo ake akuti akufuna kukakatemetsa mphini. Ndikakayang'ana, mtima umandipweteka. Ndinapempha ahedi kuti pa msonkhano wa makolo andipatse mpata wolankhula, chifukwa pa 29 October pamakhala tsiku lokumbukira psoriasis padziko lonse, ndipo anavomera. Ndikufuna ndikapinde manja a bulauzi, ndiwaonetse zigongono zanga, ndiwauze kuti mu 2014 msonkhano waukulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO unavomereza kuti iyi ndi nthenda yaikulu, yokhalitsa, yosapatsirana. Ndiwauzenso kuti mwa odwala 10 aliwonse, mpaka 3 amatha kudzavutika ndi kutupa kwa malo olumikizana mafupa, choncho kuchedwa kupita kuchipatala n'kumulakwira mwana. Ndipo ndinkafuna amayi ndi bambo akakhalepo, ndikawathokoze pamaso pa anthu omwe aja ankawanena.

Nditawauza bambo, anaimitsa makina. Anati, "Mwanawe, ukufuna Chinamwali yonse iziti mtundu wathu uli ndi nthenda? Nanga azing'ono ako adzawafunsira ndani?" Ndinayesa kufotokoza koma anangoti zakunyumba siziyanikidwa pamsewu, n'kupitiriza kusoka.

Chomwe anthu sadziwa, Aphungu, n'chakuti bambo nawonso ali nayo. Ndinazindikira ndili wamkulu kale, nditapeza amayi akuwapaka mafuta anga m'zigongono. M'pamene ndinamvetsa chifukwa chake savala malaya a manja aafupi ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo. Amayi anandiuza kuti agogo aakazi, mayi awo a bambo, analinso nazo zigamba zomwezi, ndipo kumudzi ankawapatsa mbale ndi chikho chawochawo mpaka imfa yawo. Adokotala aja ananena kuti nthendayi imayenda m'magazi a kumtundu, ngakhale si mwana aliyense amene amaitengera, ndipo azing'ono anga onse alibe. Kuyambira tsiku limenelo, akutero amayi, bambo amadziimba mlandu kuti ndi iwo anandipatsa mavutowa. Ine sindinawaonepo choncho. Munthu sasankha magazi obadwa nawo, ndipo palibe bambo amene akanandisamala kuposa iwo. Koma nkhani imeneyi sitinaikambepo awiri, ndipo sadziwa kuti ndikudziwa.

Amayi ali pakati. Kumbali amandiuza kuti, "Kalankhule mwanangu, tinavutika chifukwa panalibe wotiuza." Bambo akakhalapo, amangowerama. Ndikuonanso kuti mantha a bambo si opanda pake. Anaona zomwe zinachitikira mayi awo, ndipo kasitomala amene amabwera kudzayezetsa suti akhoza kusiya kubwera atamva mphekesera. Pomwe timadyera ndi pakhonde pomwepo.

Kuda nkhawa kumaidzutsa nthendayi, ndipo chiyambireni kusamvanaku zigamba zabwerera m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Bambo aziona. Dzana anandisiyira pabedi bulauzi yatsopano ya kolala yokwera, osanena kanthu.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi ndikalankhule za thupi langa lokha, osatchula za kumtundu? Nanga kholo lina likadzafunsa kuti nthendayi imachokera kuti, ndidzabise zomwe ndikudziwa? Kodi ndiwauze bambo kuti ndinaona zigongono zawo ndipo sindiwasungira chifukwa, kapena kutero n'kuwavula ulemu? Ndaganizapo zotuma amalume kapena abusa athu kuti akawalankhule, koma ndikuopa kuti angaone ngati ndawaneneza kwa anthu. Ndipo ngati sakufuna kuthokozedwa pagulu, ndingawathokoze bwanji iwo ndi amayi m'njira yoti amve kuti zonse zomwe anandichitira ndinaziona?

Ahedi akudikira yankho langa kuti alembe ndondomeko ya msonkhano, ndipo makolo a kamnyamata kaja akuti apita nako kwa sing'anga mwezi ukangotha.

Ine mwana wanu,
Mphunzitsi wa ku Chinamwali, Zomba