Zomwe ndatolako ku msonkhano wa masetilaiti ndi utsi uja

Moni nonse apagulu, ndabwerako kumene munandituma kuja, pepani lipoti lachedwa, ndimafuna ndiyambe ndazimvetsa ndekha kaye.

Chachikulu ndi ichi, setilaiti siyeza mpweya umene ukulowa m'mphuno mwathu ayi. Iyo imaona kuwala kwa dzuwa kumene kukubwerera kuchokera pansi, ndiye poti mpweya woipa uliwonse umameza kuwalako mwa njira yakeyake, akatswiri amawerengera kuti kuyambira pansi mpaka kumwamba kwadzaza wochuluka bwanji. Anationetsa setilaiti ya Sentinel-5P ya European Space Agency yomwe anaitumiza mu 2017, ili ndi chipangizo chotchedwa TROPOMI, imayenda makilomita 824 m'mwamba ndipo imadutsa cha m'ma 1:30 masana. Imagwira mipweya monga NO2 wa utsi wa magalimoto ndi mafakitale, SO2, carbon monoxide ngakhalenso methane. Ataika mapu a kumpoto kwa Italy, ina ya 2019 ina ya 2020 anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi Covid, kufiira kosonyeza kuchuluka kwa NO2 kutazilala, holo yonse inangoti zii.

Ndinafunsa funso lanu lija loti kodi ingatiuze msewu umene wanyanya utsi. Yankho ndi ayi abale. Kadontho kamodzi pamapupo ndi dera la makilomita 3.5 kwa 5.5, kukachita mitambo sikuoneka bwino, usiku ndiye osanena, chonsecho utsi umavuta kwambiri m'mamawa ndi madzulo iyo kulibe. Zipangizo za pa masetilaiti zoyeza ola lililonse zilipo, GEMS ya South Korea ya 2020 ndi TEMPO ya NASA ya 2023, koma izo zimangoyang'ana Asia ndi North America basi.

Za PM2.5, tifumbi tating'onoting'ono tolowa mpaka m'mapapo tija, amachita kuyerekeza kuchokera ku zithunzi za MODIS, chipangizo cha pa masetilaiti a NASA, ndiye popanda timasensa tapansi tofananizira ndi kungopenekera. WHO mu 2021 inaika malire a mamaikulogalamu 5 pa kiyubiki mita pachaka, nambala yaing'ono chonchi sungaidalire setilaiti yokha, amenewo ndi maganizo anga.

Chomwe chandisangalatsa, data ya Sentinel-5P ndi yaulere pa webusaiti ya Copernicus, pulogalamu ya European Union, chofunika ndi intaneti yabwino ndi munthu woleza mtima chifukwa mafailo ake ndi olemera zedi, langa loyamba linakana kutseguka katatu konse.

Ndikupempha tikakumana tisankhe anthu awiri oti aphunzire kuwerenga mapuwa, komanso tikambe za masensa, amene angadzipereke andilembere sabata ino isanathe.