Chipinda chija tapaka, koma mundikhululukire

Ulongué, Angónia

Amwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg konko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, kungoti chisanu cha Juni chatipana. M'mawa madzi a m'ndowa sagwirika, ana ndimachita kuwakoka m'bulangeti.

Chithunzi munanditumizira pa WhatsApp chija ndinachiona, cha chipinda cha makoma otuwa ngati phulusa. N'chokongola ndithu. Koma ife sitinapake mtundu umenewo, ndipo musafulumire kukwiya, imvani kaye.

Mukukumbukira matailosi aja bambo a kuno anakagula ku Tete chaka chatha? Abulawuni wothimbirira ngati khofi wopanda mkaka. Ine ndinkafuna owala, iwo n'kumati akuda sada msanga. Bodza lenileni limenelo! Fumbi la kuno limaonekera pa tailosi yakuda kuposa pena paliponse, mwana akangodutsa phazi lake limachita kudindika. Komabe anayalidwa, ndipo chipinda chinada bii. Zenera lake ndi limodzi, loyang'ana kummwera, pomwe miyezi ino dzuwa limayenda mopendekera kumpoto. Ndiye silisuzumiramo n'komwe.

Mawu anu sindinawataye ayi. Ndinagula kachitini ka wotuwayo n'kupaka kachigamba pakhoma, m'munsi mwenimweni pogundana ndi matailosi. Pa kapepala ka m'sitolo ankaoneka wofatsa, koma atauma pakhoma anakhala ngati mtambo wa mvula ya Januwale. Matailosi athu ali ndi kufiirira mkati mwake, wotuwayo ali ndi kabuluu, ndiye ziwirizi zinkangoyang'anizana ngati akazi apamitala. Nditabwereranso ku chithunzi chanu ndi pomwe ndinaona kuti pansi pake ndi pa matabwa owala, mazenera kuchokera pansi mpaka kudenga. N'chifukwa chake kumeneko zinakhala bwino.

Kenako ndinathamangira woyera mbee. Kuwala kunabwera, koma usiku titayatsa babu, chipinda chinasanduka wodi ya kuchipatala, pansi bii, khoma mbee, maso kuchita kuwawa. Mmisiri wathu, bambo wachikulire wosayankhulayankhula, anangoseka n'kundifunsa kuti, "Mayi, kodi agogo anu ankazira bwanji?"

Amwali, funso limeneli linandibweza kumudzi. Paja inu ndi ine tinkatumidwa kudambo kukatapa mtsiro wakuda, agogo n'kuzira pansi, n'kusalaza ndi nkhulungo mpaka pochita kunyezimira. Kukhoma ankapaka dothi loyera lija, koma kuyera kwake sikunali kwa pepala. Linali ndi kachikasu pang'ono, ndipo m'nyumba muja simunkaopsa ngakhale kazenera kanali kongolowa mutu wa mphaka.

Ndiye tasankha wa khirimu. Kuti mumvetse msanga: si ufa woyera, ndi mgaiwa. Chigamba chake ndinachiyang'ana masiku awiri, m'mawa, masana ndi madzulo, chifukwa penti amanamiza akadali wauwisi komanso amasintha nkhope malinga ndi kuwala. Nthawi zonsezo ankagwirizana ndi matailosi ngati pachibale.

Apongozi ankati tingopaka laimu, ndi wotchipa. Ndinawakaniza mwaulemu, bedi lathu lagunda khoma, ndipo laimu amatsalira pa bulangeti ndi pamsana pa munthu. Tinagula penti wamadzi, amene m'masitolo muno amati tinta plástica. Pulasitala tinamusiya milungu inayi kuti aume, kenako mmisiri anayamba ndi penti wapansi uja woti khoma lisamwe kwambiri, n'kupaka wa khirimuyo kawiri. Chipindacho ndi cha mamita 3 kwa 4, ndiye chigoba cha malita 20 chatsala chambiri, chikathera pabalaza. Siling'i yokha ndiyo tapaka woyera mbee uja, kuti izitibwezera kuwala. M'munsi mwa khoma wazunguliza kamzere ka penti wamafuta, kabulawuni ngati matailosi, kotalika ngati chikhatho, kuti chokolopera chisamadetse khoma. Babu nalo ndasintha, ndaika la kuwala kwachikasu.

Bambo atalowa ntchito itatha anaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kunena kuti, "Waona? Ndinakuuza kuti matailosiwa ndi abwino." Ine ndinangoti zii.

Tsopano ntchito yanu ndi iyi, popeza pa penti ndakukanani. Mukamabwera Disembala mundigulire makatani, kumeneko nsalu zilipo zambiri. Zenera ndi la mita imodzi ndi theka m'lifupi. Akhale obiriwira mofatsa ngati khwanya, opepuka oti kuwala kuzidutsa, chifukwa okhuthala andibwezeranso mdima womwe ndauthamangitsa movutikirawu. Otuwa musayerekeze. Basi yanu ikangowoloka Zambezi pa Tete mundiimbire, nditereke madzi osamba ndi mbatatesi. Mudzagona m'chipinda momwemo, bambo adzasamukira kwa anyamata, kuti mudzaone nokha m'mawa kukamacha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi anu ndinakumana nawo kumsika Loweruka, ali bwino, akungodandaula mawondo.

Ndine mnzanu wa kalekale,
wa ku Ulongué