Chiweto chotsegula m'mimba chimafuna madzi, osati jekeseni yekha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi alimi anzanga a ziweto. Thole kapena kamwana ka mbuzi kakayamba kutsegula m'mimba ambirife timathamangira jekeseni, kubaya basi nkukhala phee kudikira, mawa lake kafa ndiye tiyambe kudandaula kuti mankhwala anali feki. Ayi abale, nthawi zambiri chomwe chapha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo jekeseniyo sabwezera ngakhale dontho limodzi. Inenso ndinatayapo thole choncho, mpaka pano zimandiwawa.

Kudziwa kwake sikovuta. Tsinani khungu la pakhosi nkulisiya, likachedwa kubwerera ndiye kuti madzi achepa. Onaninso maso ngati alowa m'kati, nkhama ngati zauma, makutu ndi miyendo ngati zazizira. Thole la makilogalamu 40 likataya madzi okwana 8 peresenti ya kulemera kwake ndiye kuti lataya malita opitilira 3, tangoganizani, ndiye wina alimwetsa kakapu kamodzi nkumati wayesetsa!

Ngati likadaima komanso likuyamwa chala, lipatseni madzi oyera ofunda pang'ono osakaniza ndi paketi ya mchere ndi gulukosi ya ziweto, pang'onopang'ono kangapo patsiku. Apa pomwe ambiri timaphonya ndi pa shuga, shuga wathu wa mu tiyi uja m'mimba mwa thole laling'ono sagayika ndipo angathe kuwonjezera kutsegulako, ofunika ndi gulukosi. Komanso musaliletse kuyamwa ati poopa kuti mkaka ukuwonjezera matenda, mphamvu lizitenga kuti? Madziwo azilowa pakati pa nthawi zoyamwa.

Koma likagona osadzuka, osatha kumeza, chonde musalikhuthulire botolo kukamwa mokakamiza. Madziwo amalowera m'mapapo, litsamwa kapena lidwala chibayo, mwalipha nokha muli pofuna kulithandiza. Pamenepo pafunika dripi ya mu mtsempha ndipo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto, osati ya neba amene anangoonerera kamodzi. Chimodzimodzi kagalu komwe kakusanza chilichonse, kukamwetsa nkungotaya nthawi, adokotala amakalowetsa madzi apadera a mchere a m'dripi ngati Ringer's lactate mu mtsempha kapena pansi pa khungu.

Alangizi a ziweto, mukamabwera kudzatemera muzitiphunzitsako izi, mutionetse ndi manja katsinidwe ka khungu ndi kasakanizidwe ka madziwa.

Ndine wowerenga wanu,
Mlimi wa ziweto