Nsomba zidikire, thanki iyambe yakhwima

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ine kwathu ndi ku Monkey Bay, ndipo mbuna, tinsomba tokongola tokhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Tinkasambira nazo m'miyala ya ku Cape Maclear, malo amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Nditapuma ntchito yauphunzitsi n'kukhazikika ku Lilongwe, ndinayamba kuisowa nyanja, choncho ndinagula thanki yagalasi ya malita 120 kuti ndizisungamo mbuna pabalaza. Ndikulemba kuti anzanga amene ayamba kukonda zimenezi asaphe nsomba mmene ndinaphera ine.

Wogulitsa anandiuza kuti ndithire madzi, agone usiku umodzi, basi. Ndinaterodi. M'mawa mwake ndinathiramo mbuna zisanu ndi zitatu, zachikasu zija zimene kwawo ndi kumpoto kwa Nkhata Bay. Madzi anali mbee. Sabata isanathe zinasiya kudya, n'kumangokhala pamwamba pa madzi kukamwa kuli yasa, makha akugunda mofulumira. Pofika tsiku la 12 zisanu zinali zitafa. Mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi ndiye ankazivuula ndi kaukonde, n'kumandifunsa kuti, "Agogo, kodi tazilakwira chiyani?" Ndinasowa chomuyankha, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Safunsa anadya phula. Ndinadzafunsa mochedwa kwa mphwanga amene amagwira ntchito m'sitolo ya ziweto ku Johannesburg.

Iye anandimasulira motere. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha, ndipo wina amachokera ku ndowe zake ndi chakudya chotsala chikamawola. M'nyanja madzi ndi ochuluka, koma m'galasi amoniyayo alibe kolowera, ndiye amawotcha makha. Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya. Gulu loyamba, monga la Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti. Naitiraitiyo nayenso ndi poizoni, chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya, n'chifukwa chake nsomba zanga zinkabanika zili m'madzi oyera. Gulu lachiwiri, monga la Nitrospira, limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene saopsa kwenikweni ndipo timamuchepetsa posintha madzi. Mabakiteriyawa sakhala m'madzi ayi, amamatirira pa siponji ya m'fyuluta (kachipangizo kosefa madzi), pamiyala ndi pamchenga. Thanki yatsopano ilibe okwanira. Ndiponso ife osunga mbuna tili pachiopsezo choposa, poti mbuna zimafuna madzi a pH yokwera, cha m'ma 8 (pH ndi muyezo wa asidi m'madzi, ndipo ikakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa), ndipo pH ikakwera ululu wa amoniya umakweranso.

Njira yake anzathu olankhula Chingerezi amaitcha fishless cycling. Ine ndimangoti kukhwimitsa thanki. Umayamba waweta mabakiteriya, m'madzimo mulibe nsomba ndi imodzi yomwe.

Nsomba zitatu zotsala ndinakazisungitsa kwa mnzanga wa thanki yakale, n'kuyambiranso. Ndinathira madzi ochotsedwa klorini, pakuti klorini wa m'madzi apampopi amapha mabakiteriya omwe tikuwafunawo. Ndinayatsa fyuluta kuti izigwira usana ndi usiku, hita yotenthetsa madzi n'kuika pa madigiri 27, chifukwa inali nyengo ya June ndipo m'madzi ozizira mabakiteriya amaswana mwaulesi. Kenaka chakudya chawo. Amene angapeze amoniya wam'botolo wopanda sopo kapena zonunkhiritsa adonthezere mpaka afike mamiligalamu 2 pa lita imodzi. Ine sindinamupeze. Ndinamanga tiusipa tiwiri m'kansalu ka neti n'kumiza pakona kuti tiwolere momwemo. Kafungo kanalipo ndithu, mayi akunyumba anadandaula masiku angapo, ndipo njira imeneyi siikulola kudziwa bwino muyezo, komabe imagwira ntchito.

Chimene sindingalole munthu kuchinyalanyaza ndi timabotolo toyezera madzi. Maso amanama pa nkhani iyi. Masiku oyambirira madzi anachita mbuu ngati mwagwera ufa, kenaka anayera okha, ndipo ndikanatsatira maso ndikanati zatheka. Koma ndikatunga madzi m'kachubu n'kudonthezamo mankhwala, ankasanduka obiriwira, kusonyeza kuti amoniya ndi wambiri. Sabata yachiwiri ikutha, kubiriwirako kunayamba kuzilala, pomwe kachubu ka naitiraiti kanachoka pa buluu n'kukhala pepo. Apa ndiye pamene ambiri amagwa ulesi. Pepoyo anakhala masabata pafupifupi atatu osasuntha. M'mawa uliwonse ine ndi mdzukulu wanga tinkakwezera kachubu kuwindo, n'kulemba mtundu wake m'kope lakale lasukulu. Alendo ankadabwa kuona galasi la miyala yokhayokha likuwirawira, ena n'kumandifunsa ngati ndalama za nsomba zinatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku la 38 kachubu ka naitiraiti kanakhalanso buluu, ka amoniya kali chikasu, ndipo ka naitireti kanafiira. Mdzukulu wanga anathamanga kukauza nyumba yonse.

Kawirikawiri ntchitoyi imatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Wogwiritsa ntchito amoniya wam'botolo amadziwa kuti yatha akathira mamiligalamu 2 pa lita, n'kupeza kuti pakutha pa maola 24 amoniya ndi naitiraiti onse ali pa 0. Zikatero mumasintha madzi ambiri kuti naitireti atsike, ndipo nsomba zilowe tsiku lomwelo kapena mawa lake, mabakiteriya asanayambe kusowa chakudya. Kwa mbuna izi zimathandizanso mwanjira ina. Ndi nsomba zandewu, zokonda kulamulira mwala wakewake, ndipo yobwera pambuyo imalumidwa. Thanki yokhwima bwino imakulola kuthira gulu lonse nthawi imodzi.

Kunoku tilinso ndi vuto la kuzimazima kwa magetsi. Mabakiteriyawa amafuna mpweya, ndipo fyuluta ikaima maola ambiri amayamba kufa. Ine ndinagula kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndipo magetsi akachedwa ndimatulutsa siponji n'kuiika m'thanki pafupi ndi thovu lake. Siponjiyo musamaichape pampopi. Ifinyeni pang'ono m'ndowa ya madzi omwe mwachotsa m'thankimo, ibwerere ikadali yoderako.

Pempho langa likupita kwa ogulitsa nsombazi m'mizinda yathu. Chonde, abale anga, munthu akabwera koyamba mugulitseni thanki, fyuluta ndi zoyezera, koma nsomba mumuuze adzatenge pakatha mwezi ndi theka. Sadzathawa, adzabweranso. Ndipo muziika masiponji owonjezera m'mathanki anu akale a nsomba zathanzi, kuti wogula azitengako kachidutswa kali konyowa m'jumbo n'kukaika m'fyuluta yake tsiku lomwelo, poti kameneko kamafupikitsa kudikira. Ine m'fyuluta yanga muli siponji yachiwiri imene ndikusungira mwana wa aneba, yemwe wayamba kale kusonkhanitsa miyala.

Mphunzitsi wopuma,
Lilongwe