Kwa Naphiri, za nyumba ya kanema imene masiku ano ikugulitsa mafoni

Los Angeles

Wokondedwa Naphiri,

Moni wochokera kuno kutali. Ine ndili bwino, kungoti msana wayamba kundikumbutsa zaka zanga, paja kudzutsa ndi kugoneka nkhalamba tsiku ndi tsiku si masewera. Ndikhulupirira kuti iwe, bambo a kunyumba ndi ana muli bwino, ndiponso kuti mwendo wa amayi uja waphwako.

Uthenga wako wa mawu uja ndinaumvera kawiri, koyamba ndili m'basi, kachiwiri nditagona. Ndinaseka pamene umati ana ako a zisudzo akuyesezera pansi pa mtengo wa mango chifukwa holo ya pasukulu yadzaza madesiki othyoka, koma kenako chisoni chinandigwira. Unatchulanso zoti pali wamalonda wina amene akuifuna holoyo kuti azisungiramo katundu, azilipira lendi, ndipo unandifunsa maganizo anga. Pa foni sindikanatha kukuyankha bwino. Ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere zimene ndinaona Loweruka lapitali.

Foni yanga inandipulumuka m'manja ndikutsika basi, galasi lake n'kung'aluka ngati ukonde wa kangaude. Mnzanga wa kuntchito, mayi wina wamkulupo amene makolo ake anachokera ku Mexico koma iye anakulira mumzinda muno, anati tiye ndikuperekeze ku Broadway, ukaonenso chinthu. Broadway imeneyi si ya ku New York ija imene timaimva kusukulu ayi. Ndi msewu wa pakatikati pa Los Angeles, ndipo pa mtunda woti munthu angauyende pansi osatopa pali nyumba zakale za kanema ndi zisudzo zokwana 12, zomangidwa pakati pa 1910 ndi 1931.

Titafika pa mphambano ya Broadway ndi 8th Street ndinkayang'anayang'ana shopu, osaiona. Chimene chinali patsogolo panga ndi nyumba yopapatiza yokhala ndi nsanja ya wotchi pamwamba, ndi chikwangwani chachitali cholembedwa TOWER chotsika m'mbali mwake. Mnzangayo anangondikoka mkono, amvekere ndi momwemu. Naphiri, shopu ya Apple, kampani yopanga mafoni a iPhone, ili m'nyumba ya kanema.

Dzina lake ndi Tower Theatre, ndipo inatsegulidwa mu Okutobala 1927. Amene anajambula pulani yake ndi katswiri wa zomangamanga S. Charles Lee, ali mnyamata wa zaka 28, ndipo inali nyumba yake yoyamba ya kanema. Malo amene anapatsidwa anali ochepa zedi, pafupifupi mamita 15 m'lifupi ndi 46 m'litali, koma iye anapanikizamo mipando pafupifupi 900. Ndi nyumba yoyamba mu Los Angeles imene inakonzedwera mafilimu olankhula, pa nthawi imene anthu anazolowera kuonera zithunzi zoyenda zopanda mawu, woimba limba akuthandizira pambali.

Ukangolowa pakhomo umakumana ndi masitepe aakulu okhala ndi zogwirira zamkuwa, nsanamira zonyezimira uku ndi uku. Lee anatengera kamangidwe ka nyumba yotchuka ya zisudzo zoimba (opera) ya ku Paris, ndiye munthu wa tikiti yotchipa ankalowa ngati mfumu. Pamwamba pa masitepewo pali zenera lalikulu la magalasi amitundumitundu, longa la m'tchalitchi cha Katolika. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu kufunafuna woyera mtima amene anamujambulapo. Mnzanga uja anandilozera bwinobwino, ndipo ndinaona kuti chimene chikuzungulira pagalasipo ndi lamba wa filimu. Ndinaseka ndekha, anthu n'kumandicheukira.

Kenako tinalowa m'holo mwenimwenimo. Mipando ya pansi kulibe. Pali matebulo aatali amatabwa, pamwamba pake atandandalika mafoni, mawotchi ndi makompyuta, anyamata ndi atsikana ovala matisheti ofanana akuyendayenda. Makoma onse ndi osemasema, opakidwa mwatsopano, ndipo ukakweza maso umaona siling'i yozungulira yojambulidwa mitambo ngati kumwamba dzuwa likamapendeka. Kutsogolo, pamene pankakhala chinsalu choonetserapo kanema, aikapo sikirini yaikulu imene amaphunzitsirapo anthu kujambula ndi foni ndi zina zotero. Mipando ya m'mwamba ija, imene ife tikanaithamangira, ilipo, yachikopa, ndipo ndi pamene amakukhazika podikira kuti akuonere foni yako. Ndinakhala pamenepo mphindi zingapo, foni yosweka ili m'manja, ndikuyang'ana pansi ngati sewero layamba. Ndinaona bambo wina akukangana ndi mwana wake wamkazi za mtundu wa foni, mwana akuloza yodula, bambo akugwira thumba la kumbuyo. Ukanakhalapo ukanati tilembe, sewero lathu ndi lomweli.

Ndisakunamize, ndinalowa ndili wokonzeka kukwiya. Iwe ukundidziwa. Ndine yemwe uja ndinalira titagonja pa mpikisano wa zisudzo wa ATEM tili Fomu 3, ndevu za chingwe cha khonje zitandigwa pakati pa siteji. Kwa ine nyumba ya zisudzo ndi malo olemekezeka. Koma mkwiyowo unkakanika kugwira bwino, chifukwa mnzanga uja anayamba kundifotokozera mmene nyumbayi inalili kale.

Kanema anasiya kuonetsedwamo mu 1988. Kuyambira pamenepo mpaka pa 24 Juni 2021, tsiku limene shopuyi inatsegulidwa, panadutsa zaka 33. M'zaka zimenezo chitseko chinkatsegulidwa mwa apo ndi apo, makamaka opanga mafilimu akafuna malo akale oti ajambuliremo. Chisoti cha nsanja ya wotchi ija chinachotsedwa chitawonongeka ndi chivomezi cha mu 1971, ndipo nsanjayo inakhala yodukamutu zaka pafupifupi 50. Amene anaibwezera chisoti ndi a shopu omwewa, pogwira ntchito ndi akatswiri a zomangamanga a Foster + Partners a ku London. Analimbitsanso nyumba yonse kuti ipirire chivomezi, chifukwa kuno nthaka imagwedezeka. Ndalama zochitira zimenezo sizikanachokera m'matikiti a kanema. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyumba yokalamba ikapanda kupeza chochita imangodikira tsiku lake logwetsedwa, kapena zoipa kuposa pamenepo. Ku Detroit, mzinda wina wa kuno ku America, kuli ina yaikulu, Michigan Theater, imene m'zaka za m'ma 1970 anaikumba m'kati n'kuisandutsa malo oimikapo magalimoto, siling'i yake yokongola ikuyang'ana madenga a galimoto mpaka lero.

Nditatuluka ndinauza mnzangayo kuti basi ndagonja, achita bwino. Iye anangoti tiyende kaye. Pafupi pomwepo pali Rialto, ya mu 1917, imene kuyambira 2013 muli sitolo ya zovala ya Urban Outfitters. Chikwangwani chake cha magetsi amitundu chimayakabe, koma m'kati ndi mahang'ala a malaya okhaokha. Kutsikirako pang'ono kuli Orpheum ya mu 1926, imeneyo ndiye ikugwirabe ntchito yake, oimba amabwera, anthu n'kudzaza. Kenako tinabwerera, kuyenda chokwera mpaka pakati pa 5th ndi 6th Street, pamene pali nyumba zitatu zogundizana, Roxie, Cameo ndi Arcade. Apa ndi pamene mayiyu ankafuna kuti ndifike.

Anandiuza kuti iye ali mtsikana, Broadway unali msewu wa anthu olankhula Chisipanishi. Azungu olemera anali atasamukira m'madera a kunja kwa mzinda, kutsatira nyumba zatsopano ndi masitolo okhala ndi poimika galimoto, wailesi ya kanema itawagwiranso m'nyumba. Amene anatsala kudzaza msewuwu ndi anthu ngati makolo ake. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi ankabwera banja lonse, kugula nsapato, kudya ku Grand Central Market, kenako kukalowa mu Million Dollar Theatre, ya mu 1918, kumene kunkaonetsedwa mafilimu a ku Mexico ndipo oimba a kwawoko ankabwera pa siteji. Nyumba zitatu zija zitatsekedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, makonde ake olowera anasanduka timashopu. Wina ankagulitsa mawailesi, wina zikwama, wina ndolo ndi mikanda, ndipo holo yeniyeniyo kumbuyoko inkakhala mosungiramo makatoni, mumdima. Iye akuti, zimene wachita Apple ife tinaziyamba kalekale, kungoti ife ankati tikuipitsa mzinda.

Mawu amenewo andikhala pamtima sabata yonseyi. Ogulitsa mawailesi aja analibe ndalama zopentera siling'i, zimenezo n'zoona, ndipo zina anaziwononga pokhoma mashelefu. Koma lendi yawo yochepayo ndi imene inkapatsa eni nyumba chifukwa chosazigwetsera pa zaka zimene panalibe wina aliyense wozifuna. Ena amene anazisunga ndi a matchalitchi. State Theatre inakhala tchalitchi zaka zambiri, chimodzimodzinso United Artists. Ndiye msewu ukayamba kukongola, lendi imakwera, ndipo woyamba kunyamula katundu wake ndi yemwe uja anaulondera usiku wonse. Ndinakumbuka mavenda a kwathu, mmene amathamangitsidwira m'misewu tauni ikafuna kuoneka bwino pamaso pa alendo.

Pali chinanso chimene ndinachizindikira mochedwa, nditafika kale kunyumba. M'shopu muja mulibe mdima. Paliponse ndi powala kuti katundu aoneke. Koma Lee anamanga holo ija kuti magetsi azizima. Ukukumbuka vidiyo sho ya pamsika ija, chisakasa cha mapepala akuda, mabenchi a matabwa okhala ndi misomali, jenereta ikulira kuseri? Tinkalowa ndi makobidi obera pa ndalama ya chigayo. Mukangokhala mdima, wogulitsa makala ndi mwana wa a hedimasitala ankakuwa pamodzi, kuchenjeza munthu wa m'filimu kuti mdani ali kumbuyo. Ku Tower kulowa n'kwaulere, palibe amene amakuletsa kapena kukukakamiza kugula, ndipo pa chimenecho ndiwayamikire. Kungoti aliyense amaweramira kagalasi kake. Anthu anali ambiri ndithu tsiku limene lija, koma sindinamve kuseka kwa pamodzi ngakhale kamodzi.

Pali bungwe lina kuno, Los Angeles Conservancy, limene kuyambira 1987 limabwereka zina mwa nyumba zimenezi masiku ochepa pa chaka n'kuonetsamo mafilimu akale. Pulogalamuyo amaitcha Last Remaining Seats, kunena mipando yotsala. Mnzanga uja akuti tidzapite ikadzafika nyengo yake, ndikaone Los Angeles Theatre ya mu 1931, imene anaijambulanso Lee yemweyo, magetsi atazima. Ndavomera, bola ndisadzakhale pa shifiti ya usiku.

Tsono za holo yanuyo. Ine ndikanakhala pa mpando wako sindikanakana wamalondayo msangamsanga, chifukwa madesiki othyoka salipira lendi ndipo malata akayamba kudontha palibe amene adzawakwere. Koma usalole kuti atenge holo yonse. Pempha kuti mgwirizano ulembedwe, wa chaka chimodzi chokha poyamba. Atenge kachipinda ka kumbuyo kaja ndi mbali imodzi, siteji asaikhudze, asagumule kapena kumanga khoma lililonse, ndipo kiyi wina akhale ndi iwe. Ndalama ya lendiyo ilembedwe poyera kuti ndi ya malata ndi mawindo a holoyo, komiti ya makolo izidziwa, apo ayi idzalowera kwina ndipo udzangomva kuti inathandiza pa zina. Ku Tower chimene chinandigwetsa mkwiyo n'choti makoma, siling'i ndi mipando ya m'mwamba zilipo, moti tsiku lina matebulo aja atatuluka munthu akhoza kubwezeramo mipando. Ku Detroit kuja zimenezo n'zosatheka. Komanso matumba a chimanga amabwera ndi makoswe ndi anankafumbwe, ndiye umufunse kaye kuti katundu wakeyo ndi wanji. Ngati ndi feteleza, kana, fungo lake ana sangayesezeremo.

Foni anaikonza tsiku lomwelo, ndiye zithunzi ndikutumizira pa WhatsApp ukangondiuza kuti wagula bandulo. Uonetsetse cha zenera lija, ukuze pakatipo, uone ngati lamba wa filimuyo ungamupeze wekha osakulozera. Unditumizireko sewero limene anawo akukonzekera, ngakhale pongolijambula ndi foni tsamba ndi tsamba. Ndipo ngati muli nkhalamba m'seweromo, ndevu muzimange ndi ulusi kuseri kwa makutu, zomata ndi phala la ufa zija ayi.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti mafuta opaka mwendo aja ndapatsira munthu amene akubwera mwezi wamawa. Moninso kwa bambo a kunyumba ndi ana onse.

Ine mnzako wa kalekale,
Nangondo