Kwa eni shopu yokonza zida zoimbira: pikapu yanga si yafeki, mawaya ndiwo munasokoneza

Abwana, ndalemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa pa WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndipo ndikaimba foni mnyamata wanu amangoti mwatalikira. Ndine uja ndinabweretsa gitala yakuda ya Squier Stratocaster kuti muchotse pikapu (kachipangizo kotola mawu a nsambo) ya ku bridge, kumunsi kumene nsambo zimamangidwa, n'kuikapo ina ya kampani ya Seymour Duncan, mtundu wa JB, imene achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg. Tinagwirizananso kuti muike poti (kachipangizo kopotokola kokwezera mawu) yatsopano ya volume, ya mtundu wa A500K. Ndalama zonse ndinapereka, risiti ndili nayo.

Gitalayo inabwera ikulira ngati njuchi zalowa mu ampu. Kutchalitchi wa pa mikisa anachita kunditsitsa mpaka kuzimiririka, ine n'kumangogwedeza manja anthu osamva kanthu. Nditakudandaulirani, poyamba munati vuto ndi magetsi athu. Kenako munasintha, mwati pikapuyo ndi yafeki, achimwene anawapusitsa ku Joni. Mawu amenewa ndi amene andipweteka, chifukwa munthu uja anadzimana kuti agule chinthu chimenechi, ndipo inu munamusandutsa chitsiru pofuna kubisa ntchito yanu.

Tiyambe ndi za magetsizo. Inde, magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo pikapu ya koyilo imodzi (koyilo ndi waya wokulungidwa m'kati mwa pikapu) imatola kulira kwake. Koma JB ndi humbucker. Ili ndi makoyilo awiri olumikizidwa mwanjira yoti phokoso limene koyilo imodzi yatola, inzake izilifafaniza. Si nzeru yadzana ayi, Seth Lover anaikonza ku kampani ya magitala ya Gibson m'ma 1950, ndipo pofika 1957 inali kale pa magitala a Les Paul. Ndiye humbucker ikamalira chimodzimodzi ndi ija tachotsa, wokonza woona amayamba wakayikira kaye manja ake asanaloze chala magetsi.

Ndinapita nayo kwa mnzanga wina wokonza mawailesi, tinamasula pulasitiki yapamwamba ija n'kuona. Pikapu imeneyi ili ndi mawaya anayi, wakuda, woyera, wofiira ndi wobiriwira, kuphatikiza wina wosavala. Pa Seymour Duncan, wakuda ndiye amapita ku switchi yosankhira mapikapu, wofiira ndi woyera amawotcheredwa pamodzi n'kukulungidwa tepi, wobiriwira ndi wosavala uja amapita ku earth (njira yotayira phokoso la magetsi), kumsana kwa poti. Zili pa kapepala kamene kanali m'bokosi, kamene ndinakupatsani m'manja. Inu munatenga wofiira kupita naye ku switchi, wakuda ndi woyera n'kuwamanga pamodzi. Kalumikizidwe kameneko n'koona, koma n'ka DiMarzio, kampani ina. Mitundu ya mawaya siifanana m'makampani onse, ndipo munthu amene amalandira ndalama pa ntchito imeneyi sayenera kuuzidwa zimenezi ndi kasitomala.

Zotsatira zake n'zosavuta kumva. Pa JB, wakuda ndi woyera ndi nsonga ziwiri za koyilo imodzi. Mukawamanga pamodzi mwaipha koyiloyo, yangodzizungulira yokha. Yatsala ikugwira ntchito ndi imodzi basi, ndiye kulira kuja kuletsedwe ndi chiyani? Mnzangayo anaika mita yoyezera makoyilo: inawerenga cha m'ma 8k, pomwe JB yathunthu imakhala cha m'ma 16k. Titamasula mfundo yanu n'kuyeza koyilo iliyonse payokha, zonse ziwiri zinali zamoyo, iliyonse theka la nambala ija. Chafeki chili pati pamenepa?

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuti munthu amaphonya. Koma titatembenuza gitala n'kutsegula kumbuyo, tinapeza waya wa earth amene amawotcheredwa pa kachitsulo kokoka masipuling'i akungolendewera. Waya ameneyu ndi amene amalumikiza nsambo ku earth, n'chifukwa chake gitala yabwinobwino phokoso limachepa ukagwira nsambo. Yanga ngakhale uzigwire ndi manja onse awiri, palibe chosintha.

Poti ija ndiye nkhani ina. Kumsana kwake kwalembedwa B250K, osati A500K imene ndinalipira. Wina anganene kuti poti ndi poti. Ayi. Ya 250K imadya mawu akuthwa, n'chifukwa chake amaikonda pa mapikapu a koyilo imodzi amene ndi owala kale, pomwe humbucker nthawi zambiri amaipatsa 500K kuti isamveke ngati yafundidwa. Ndipo chilembo cha B chikutanthauza kuti mawu sakwera mwapang'onopang'ono mmene khutu limafunira ukamapotokola. Pamwamba pa izo, solda mwaunjikapo chimulu chotuwa, chokhakhala, pulasitiki ya mawaya oyandikana nayo yasungunuka. Zikuoneka kuti munakanikizapo chitsulo nthawi yaitali mpaka poti kupsa m'kati, moti ndikangoikhudza imachita kuti khwee khwee.

Pali chinanso chimene mukanayenera kumvetsera musanandiitane kuti ndidzatenge. Switchi ikakhala pamalo achiwiri, pamene pikapu ya ku bridge imaphatikizana ndi yapakati, mawu akutuluka opyapyala, a m'mphuno, mabesi onse palibe. Izi zimachitika kawirikawiri mukasakaniza mapikapu a makampani osiyana, iwiriyo imakokerana kosiyana n'kumafafanizana. Mankhwala ake, mawaya akalumikizidwa molondola, ndi kungosinthanitsa wakuda ndi wobiriwira, wosavala uja n'kumusiya ku earth. Kodi munailumikizako n'komwe ku ampu gitalayi? Ampu ili pakhomo pa shopu yanu, ndimaiona ikuimba tsiku lonse.

Mnzanga uja akanatha kukonza zonsezi tsiku lomwelo, koma ndamuletsa dala. Mfundo yanu taibwezeretsa mmene munaimangira ndipo zithunzi ndajambula, ndaziika m'munsimu kuti oimba anzanga adzionere okha. Sindikufuna mawa mudzati wina ndiye anaononga.

Chimene ndikufuna n'chakuti mundigulire poti ya A500K imene ndinalipira kale, mubweze ndalama ya ntchito, chifukwa gitala yanga simuigwiranso, ndiponso mundipatse pikapu yanga yakale ndi poti yake, zimene munati zasowa pa tebulo. Sizinali zanu, ndipo sindinakugulitseni. Ndibwera Loweruka m'mawa ndi risiti. Mnyamata wanu asadzandiuzenso kuti mwatalikira, ndidzakhala pabenchi pomwepo mpaka mutafika.